Bokosi la makadi a zilembo za Chitchaina: ndaliyesa ndi chilembo cha nsidze, 眉

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito bokosi la makadi ophunzirira zilembo za Chitchaina, lamtundu uja umene khadi lililonse limakhala ndi chilembo chimodzi chachikulu kutsogolo, ndipo kuseri kwake limasonyeza mmene chilembocho amachiwerengera m'Chimandarini, m'Chikantonizi, m'Chijapanizi, m'Chikoreya ndi m'Chivietinamu. Dzina la kampani imene inakonza bokosili sindilitchula, chifukwa mabokosi otere alipo amitundumitundu ndipo zimene ndinene pano zingathandize munthu amene akusankha lina lililonse. Nditaona kuti kungodutsa m'makadi mazanamazana mothamanga sikungandiuze ngati okonzawo anagwira ntchito yawo mosamala, ndinaganiza zotenga khadi limodzi lokha n'kulipanikiza ndi mafunso mpaka litaulula zimene lili nazo ndi zimene lilibe. Khadi limene ndinasankha ndi la chilembo 眉, chimene tanthauzo lake ndi nsidze.

Ndinali ndi chifukwa posankha chimenechi. Pali zilembo zina zimene zinafika ku Japan, ku Korea ndi ku Vietnam pamodzi ndi chinthu chimene zimatchulacho, monga za maudindo a boma kapena za ziphunzitso za Chibuda, moti anthu analandira chinthucho, dzina lake ndi kalembedwe kake pakamodzi. Nsidze sizili choncho ayi. Palibe mtundu wa anthu umene unadikira kuti alembi a ku China abwere kudzauuza dzina la tsitsi limene limamera pamwamba pa diso, popeza aliyense anali nalo kale liwu lakelake. Choncho chilembo 眉 chitawoloka malire chinapeza mwini nyumba ali kale m'nyumba, ndipo m'dziko lililonse mlendo ndi mwini nyumbayo anapangana mosiyana za kakhalidwe kawo. Khadi labwino liyenera kuonetsa pangano limenelo, osati kungondandalika matchulidwe asanu ngati kuti onse amagwira ntchito yofanana pakamwa pa eni ake. Muyeso wanga ndi umenewu, ndipo pa muyesowu bokosili lachita bwino kwina, kwina lapunthwa.

Za kapangidwe kake sindichulutsa mawu. Makadiwo ndi okhuthala, aakulu ngati chikhato, ndipo pepala lake si lonyezimira, zimene zimachititsa kuti pensulo izilemba bwino ndi kufufutika osasiya dothi. Vuto lili pa ngodya: makadi amene ndimawagwira kawirikawiri ayamba kale kusendeka, ndipo la nsidze, limene ndaliyendetsa m'thumba masabata ambiri, ngodya yake ya kumanja yatseguka ngati tsamba la buku lakale. Makadi anawasanja motsatira zigawo 214 za mu dikishonale ya Kangxi ya m'chaka cha 1716, zimene ndi tizidutswa ta zilembo timene amasanjira zilembozo m'magulu, ndipo 眉 ili pansi pa chigawo cha nambala 109, chimene ndi 目, diso. Chigawocho chili ndi mizere 5, pamwamba pake pali mizere ina 4, yonse pamodzi 9. Kusanja kotereku n'kolondola, koma munthu woyamba kumene akaona denga la chilembochi amaganiza kuti ndi chigawo china cha 尸 ndipo amakachifuna kumeneko osachipeza, ndipo kabuku kotsagana ndi bokosili kalibe mndandanda wa zilembo motsatira kuchuluka kwa mizere, umene ukanamupulumutsa.

Kutsogolo kwa khadi n'kumene ndinakondwa nako kwambiri. Pansi pa chilembo chachikulu chakuda anaikapo, ndi inki yofiira, maonekedwe atatu akale a chilembo chomwechi, ndipo munthu akawayang'ana safunikanso womufotokozera. Oyamba ndi a pa mafupa oombezera a nthawi ya ufumu wa Shang, mafupa a ng'ombe ndi zigoba za akamba zimene zinakumbidwa pafupi ndi mzinda wa Anyang m'chigawo cha Henan, ndipo akatswiri anazindikira m'chaka cha 1899 kuti zozokotedwa pamenepo ndi malemba. Pa fupalo pali diso logona chopingasa, lokhala ndi mwanadiso wake pakati, ndipo pamwamba pa disolo pali timizere tokhota toimira tsitsi. Ndi chithunzi chenicheni cha nkhope ya munthu, chimene wina anachizokota ndi mpeni zaka zoposa 3,000 zapitazo. M'maonekedwe achiwiri ndi achitatu diso lija likuoneka litatembenuka n'kuima chilili, mpaka kusanduka kabokosi ka mizere iwiri m'kati kamene timalemba lero, pamene tsitsi lija launjikana n'kukhala denga.

Pali mfundo imodzi imene ndikanakonda kuti ikhale pa khadipo, ngakhale m'mawu ochepa chabe. Xu Shen, amene analemba dikishonale ya Shuowen Jiezi cha m'chaka cha 100 AD, imene inaperekedwa kwa mfumu m'chaka cha 121, anafotokoza 眉 kuti ndi tsitsi la pamwamba pa diso, koma timizere ta pamwamba penipeni anatiwerenga ngati makwinya a pachipumi. Iye sanaone mafupa a ku Anyang, popeza nthawi yake anali adakali m'nthaka, ndiye ankafotokoza kalembedwe ka pazidindo kamene kanali katasintha kale. M'buku lakelo 眉 inali chigawo pachokha pakati pa zigawo 540, ndipo kenako m'mene zigawo zinachepetsedwa m'pamene inalowa pansi pa diso. Zimenezi zikanathandiza wophunzira kumvetsa kuti malo amene chilembo chimapezeka m'bokosi anachita kusankhidwa ndi anthu. Khadili silinalembe ngakhale zaka za maonekedwe atatu ofiira aja, moti wosadziwa angaganize kuti anatsatizana m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi.

Ndondomeko ya kalembedwe anaijambula bwino m'timabokosi 9 m'munsi mwa khadi, ndipo nditaitsatira ndi burashi ndinaona kuti ndi yolondola. Umayamba ndi mzere wopingasa umene umakhota kumanja n'kutsika pang'ono, kenako kamzere kakafupi koimirira pakati, kenako mzere wopingasa wotsekera kunsi, ndipo wachinayi ndi mzere wautali wochokera pamwamba n'kutsetserekera kumanzere ngati denga la khonde. Pansi pa dengalo m'pamene diso limalowa ndi mizere yake isanu. Kamzere kakafupi ka pakati kaja n'kamene kamasiyanitsa denga la 眉 ndi 尸, ndipo okonza khadi anakapaka mtundu wosiyana kuti wophunzira asakaiwale, chimene ndi chisamaliro chaching'ono koma cha munthu amene anaphunzitsapo ena kulemba. Chilembochi sichinasinthidwe pamene dziko la China linkafewetsa zilembo zake kuyambira m'chaka cha 1956, choncho ku Beijing, ku Taipei, ku Hong Kong, ku Tokyo ndi ku Seoul amachilemba mofanana, ndipo pa kompyuta chili ndi nambala imodzi ya Unicode, U+7709, imene khadili lalemba pakona.

Tikatembenuza khadi, mzere woyamba ndi wa Chimandarini, ndipo walembedwa méi, ndi kachizindikiro kosonyeza kuti liwu likukwera. Ife olankhula Chichewa sitiyenera kudabwa ndi zimenezi, popeza mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timausiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, kungoti ife sitilemba chizindikirocho. M'Chimandarini munthu akalakwitsa kamvekedwe n'kunena měi watchula kukongola, ndipo akanena mèi watchula mlongo wamng'ono. Ngakhale atakweza liwu molondola, méi yomweyo imatanthauzanso malasha ikalembedwa 煤, ndiponso kusakhalapo kwa chinthu ikalembedwa 没. N'chifukwa chake polankhula tsiku ndi tsiku anthu sanena méi payokha koma amati méimao, 眉毛, kuphatikiza nsidze ndi ubweya, ndipo khadili lapereka mawu amenewa ngati chitsanzo choyamba, zimene ndikuziyamikira. Mzere wa Chikantonizi uli ndi mei4 basi, popanda paliponse m'kabuku pofotokoza kuti 4 ameneyu ndi wa kalembedwe ka Jyutping, kamene kanakonzedwa ku Hong Kong m'chaka cha 1993, ndipo akutanthauza liwu lapansi lotsika. Wophunzira amene anazolowera Chimandarini akaona 4 amaganiza za liwu logwa mwamphamvu kuchokera pamwamba, ndipo amatchula molakwika ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akulondola.

Kumanja kwa khadi kuli kadanga kotchedwa banja la chilembo, ndipo pa 眉 kadangaka kagwira ntchito yake mokhutiritsa. Akuonetsa mmene chilembochi chimabwerekera liwu lake kwa zilembo zina: chikakhala ndi mtengo pambali chimasanduka 楣, mtanda wopingasa pamwamba pa khomo, chikakhala ndi madzi chimasanduka 湄, m'mphepete mwa mtsinje, chimene ndi chilembo choyamba m'dzina la Chitchaina la mtsinje wa Mekong, chikakhala ndi mkazi chimasanduka 媚, kukopa mtima. Mtanda wa pakhomo uja umandigwira mtima, chifukwa umakhala pamwamba pa khomo monga nsidze ikhalira pamwamba pa diso, ndipo ganizo lomweli likupezeka m'mawu akuti méipī, 眉批, ndemanga zimene wowerenga amalemba pa mpata wa pamwamba pa tsamba. Kwa Atchaina tsamba la buku nalonso lili ndi nsidze yake.

Chijapanizi n'chimene chili ndi nkhani yaitali, ndipo pano khadili lanena zoona zokhazokha koma lasiya wophunzira panjira. Lalemba matchulidwe atatu, mayu, bi ndi mi, ndipo onse ndi olondola, ndi omwewo amene ali pa mndandanda wa boma wa zilembo zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Chilembo 眉 chinalowa pa mndandandawo m'chaka cha 2010, pamene anawonjezerapo zilembo 196, n'kuchotsapo 5, ndipo zonse zinakwana 2,136. Koma matchulidwe atatuwa si ana a mayi mmodzi. Mayu ndi liwu la Chijapanizi chenicheni, mwini nyumba uja, ndipo ndi limene munthu amanena akaloza pankhope pake. Ngakhale 眉毛, imene Atchaina amati méimao, Ajapanizi amaiwerenga mayuge, ndi mawu awoawo onse awiri. Mi ndi liwu la Chitchaina limene linafika koyambirira, m'gulu la matchulidwe otchedwa go-on amene ambiri anayenda limodzi ndi Chibuda, ndipo limamveka mu miken, 眉間, mpata wa pakati pa nsidze ziwiri. Bi inabwera pambuyo pake, m'gulu la kan-on, pamene akazembe ndi amonke a ku Japan ankapita ku Chang'an, likulu la ufumu wa Tang, m'zaka za m'ma 600 mpaka 800, n'kubwerera ndi katchulidwe ka kumeneko, kamene m wa koyambirira kwa liwu anali atayamba kumveka ngati mb. Choncho chilembo chimodzi chinafika ku Japan kawiri ndi mawu awiri, ndipo Ajapanizi sanataye lililonse. Khadili likanangoika liwu limodzi lachitsanzo pansi pa katchulidwe kalikonse, wophunzira akanadziwa poyambira, koma laika mayuge yekha, ndipo bi ndi mi zangoima popanda chogwirira.

Kuti ndione ngati khadili lingakonzekeretse munthu kuwerenga zinthu zenizeni, ndinaliyesa ndi dzina limodzi la malo, 眉山, nsidze ndi phiri. Ku China, m'chigawo cha Sichuan, zilembo ziwirizi ndi dzina la mzinda wa Meishan, kwawo kwa mlakatuli Su Shi amene anabadwa m'chaka cha 1037, pamodzi ndi bambo ake Su Xun ndi mng'ono wake Su Zhe. Ku Japan, mumzinda wa Tokushima pa chilumba cha Shikoku, zilembo zomwezi ndi dzina la kaphiri ka mamita 290 kotchedwa Bizan, kamene amati kamaoneka ngati nsidze ukakayang'ana kuchokera mbali ina iliyonse. Ndipo m'dziko lomwelo la Japan, ku Shimabara m'chigawo cha Nagasaki, zilembo zomwezinso amaziwerenga Mayuyama, phiri limene mbali yake inagumukira m'nyanja m'chaka cha 1792 n'kuutsa mafunde aakulu, ndipo anthu pafupifupi 15,000 anafa. Malembo ndi amodzi, koma pali Meishan, Bizan ndi Mayuyama. Munthu amene waphunzira ndi khadili adzatha kuwerenga dzina la ku Sichuan mosavuta, komanso adzazindikira 眉 m'dzina la phiri lopatulika la Emei, 峨眉, lotalika mamita 3,099, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo osungidwa m'chaka cha 1996. Koma pa maina awiri a ku Japan aja adzaima osadziwa kolowera. Pamenepa sindikuimba mlandu waukulu okonza khadi, chifukwa palibe lamulo limene lingauze munthu kuti phiri ili ndi Bizan ndipo ilo ndi Mayuyama, amangoyenera kufunsa eni dera. Chimene ndikanayembekezera ndi chenjezo lakuti maina a malo satsatira khadi, ndipo chenjezolo mulibe m'kabuku konse.

Mzere wa Chikoreya ndi umene wakonzedwa bwino kuposa yonse, ndipo ndikukhulupirira kuti chifukwa chake n'chakuti Akoreya eni ake anathetsa kale vuto limene ndikudandaulali. Iwo pophunzira chilembo cha Chitchaina amatchula mawu awiri motsatizana, loyamba la tanthauzo m'chinenero chawo, lachiwiri la katchulidwe kochokera ku China, ndipo pa chilembochi amati nunsseop mi, 눈썹 미. Khadili langotsatira mwambo umenewu, ndipo pakutero lauza wophunzira zinthu ziwiri pakamodzi: kuti nsidze ya pankhope ndi nunsseop, ndipo kuti mi amangomupeza m'mawu ophatikiza monga migan, amene ndi miken wa Ajapanizi uja. Ku Korea lero anthu amalemba pafupifupi zonse m'zilembo za Hangul, zimene Mfumu Sejong inalengeza m'chaka cha 1446, ndipo 眉 imaoneka kawirikawiri m'kalasi ndi m'madikishonale kuposa m'nyuzipepala. Komabe phindu lake silinathe. Liwu lakuti baengmi, 백미, likhoza kukhala mpunga woyera, 白米, kapena nsidze yoyera, 白眉, ndipo m'Hangul awiriwa amalembedwa chimodzimodzi, moti chilembo cha Chitchaina n'chimene chimaulula kuti ndi mawu awiri osiyana makolo.

Nsidze yoyera imeneyi ili ndi mbiri yake, ndipo ndi chitsanzo chimene ndikanachiika pa khadili ndisanaike china chilichonse, chifukwa chimalumikiza mayiko atatu. M'nthawi ya Maufumu Atatu ku China kunali abale asanu a banja la Ma, onse odziwika ndi nzeru, koma anthu a kwawo ankati wopambana onse ndi uja wa tsitsi loyera m'nsidze, amene anali Ma Liang, mlangizi wa Liu Bei, wolamulira umodzi wa maufumuwo. Ma Liang anafa m'chaka cha 222. Kuchokera pamenepo nsidze yoyera inayamba kutanthauza chinthu chabwino kuposa zinzake zonse m'gulu. Chochititsa chidwi n'chakuti mawuwa ali ndi moyo kwambiri kunja kwa kwawo: Ajapanizi amati hakubi ponena za ntchito yopambana pakati pa zinzake, ndipo Akoreya amati baengmi ponena za gawo lokoma kwambiri la chionetsero kapena la ulendo, pamene m'Chimandarini cha masiku ano samveka kawirikawiri. Khadili m'malo mwake lasankha mwambi wa moto wofika pa nsidze, rán méi zhī jí, 燃眉之急, wonena za vuto limene silingadikire mawa, lofanana ndi pamene ife timati madzi afika m'khosi. Kusankhaku si koipa, popeza mwambiwu ulinso ndi abale ake, shōbi no kyū ku Japan ndi chomi ku Korea, koma khadili lalemba wa Chimandarini wokha, ndipo mwayi woonetsa kuti mwambi nawonso unawoloka nyanja watayika.

Tsopano ndifike pamene bokosili lalakwa kwenikweni, pa mzere wa Chivietinamu. Khadili lalemba mi, ndipo pambali pake laika tanthauzo lakuti nsidze, osawonjezera kanthu. Kunena zoona mi ndiye katchulidwe ka Hán Việt ka chilembochi, kutanthauza katchulidwe kochokera ku China kamene Avietinamu amawerengera zilembo za Chitchaina, ndipo m'malemba akale a Chitchaina owerengedwa ku Vietnam tanthauzo lake ndi nsidze ndithu. Koma tsiku lina ndikucheza ndi mayi wina wa ku Vietnam amene timagwira nawo ntchito, ndinawaonetsa khadili, ndinakhudza nsidze yanga n'kunena kuti mi. Iwo anapukusa mutu, anatsinzina diso limodzi, anakhudza ndi nsonga ya chala tiubweya ta m'mphepete mwa chikope n'kunena kuti lông mi, kenako anakweza chalacho pang'ono kufika pa nsidze n'kunena kuti lông mày. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa sukwana ndi chala chimodzi chopingasa, koma ndi mawu awiri a zinthu ziwiri. M'Chivietinamu cha masiku ano mi inatsetsereka kuchoka pa nsidze n'kukakhala pa chikope, ndipo nsidze ndi mày. Munthu amene angaloweze khadili n'kupita kukakonzetsa nkhope ku Hanoi akhoza kupempha china n'kuchitiridwa china.

Cholakwa ichi chikundipweteka chifukwa chinali chopeweka ndi mawu awiri okha, ndiponso chifukwa Chivietinamu chili ndi zinthu zokoma zimene khadili likanatola. Atchaina amatchula amuna mwaulemu kuti xūméi, 须眉, ndevu ndi nsidze, ndipo Avietinamu ali nawo mawuwa m'njira ziwiri, tu mi m'katchulidwe ka Hán Việt ndi mày râu m'mawu a tsiku ndi tsiku. Palinso mbalame yoimba bwino imene ili ndi mzere woyera wozungulira diso n'kupitirira chakumbuyo ngati wina anaujambula ndi burashi, imene Atchaina amaitcha huàméi, 画眉, nsidze yojambula, ndipo ku Vietnam ndi họa mi, pamene mi wasunga tanthauzo lake lakale. Ndikuganiza kuti okonza bokosili anatenga matchulidwe a Hán Việt pa mndandanda wina n'kuwathira m'makadi onse osafunsa munthu wolankhula chinenerocho, pakuti nditayang'ana makadi ena a ziwalo za thupi ndinapeza zomwezo: pa diso analemba mục m'malo mosonyezanso mắt, ndipo pa dzanja analemba thủ osatchula tay. Dziko la Vietnam linasiya kugwiritsa ntchito zilembozi m'moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo mayeso a ufumu a m'Chitchaina anathera m'chaka cha 1919, choncho mzere wa chinenero chimenechi ndi umene unkafunika kufotokozedwa mosamala kuposa ina yonse, koma ndi umene waperekedwa mwachidule kwambiri.

Pali zina zimene khadi laling'ono silingathe kunyamula, ndipo sindikuliweruza nazo, ngakhale kuti kabuku kake kanali ndi masamba okwanira. Mbiri ya China ili ndi gulu la zigawenga la Nsidze Zofiira, Chìméi, limene linaukira boma la mfumu Wang Mang kuyambira cha m'chaka cha 18 AD, ndipo asilikali ake ankapaka nsidze zawo utoto wofiira kuti azizindikirana pankhondo. Ku Japan akazi a kunyumba yachifumu m'nthawi ya Heian ankazula nsidze zawo n'kujambula zina pamwamba pa chipumi, mwambo wotchedwa hikimayu, ndipo mpaka lero nkhani yokayikitsa amaitcha mayutsuba, malovu a pa nsidze, potengera chikhulupiriro chakuti kunyowetsa nsidze ndi malovu kumateteza munthu kuti nkhandwe isamupusitse. Ngakhale pa mapaketi a tiyi chilembochi chilipo, pa tiyi wobiriwira wa Chun Mee, 珍眉, amene masamba ake ouma amapindika ngati nsidze, ndi pa tiyi woyera wa Shou Mei wa ku Fujian. Zinthu zotere n'zimene zimachititsa chilembo kukhazikika m'mutu, ndipo kabukuko kawononga masamba ambiri pofotokoza masewera a makadi amene sindinawasewerepo.

Khadi lililonse lili ndi kachizindikiro ka QR kotsegulira mawu pa foni. Mawu a Chimandarini ndi a Chijapanizi anajambulidwa ndi anthu enieni, ndipo kukwera kwa liwu mu méi kukumveka bwino lomwe, koma a Chikoreya ndi a Chivietinamu akumveka kuti ndi a makina, pamene a Chikantonizi palibiretu, ngakhale kuti ndi amene ankafunika kwambiri pofotokozera 4 uja. Mawuwa satheka kuwasunga m'foni, choncho popanda intaneti makadi amakhala chete.

Kodi ndingalimbikitse munthu kugula bokosili? Amene akuphunzira kale Chimandarini, Chijapanizi kapena Chikoreya, ndipo akufuna kuona mmene zimene akudziwazo zikugwirizanirana ndi zinenero zoyandikana nazo, apindula nalo kwambiri, chifukwa kuona méi, mei, mi ndi bi zili pa khadi limodzi kumatsegula maso m'njira imene dikishonale ya chinenero chimodzi singathe, ndipo zithunzi zofiira za kutsogolo zija pazokha n'zoyenera ndalama zake. Amene akuyamba kumene ndingamulangize kuti ayambe wagwira chinenero chimodzi, popeza matchulidwe asanu pa khadi limodzi angamusokoneze asanaime n'komwe. Amene cholinga chake ndi Chivietinamu asadalire bokosili popanda dikishonale ina pambali. Ine ndipitiriza kuligwiritsa ntchito, ndipo popeza pepala lake limalola pensulo, pa khadi la 眉 ndalembapo kale miken pansi pa mi, hakubi pansi pa bi, ndi lông mày pambali pa mzere wa Chivietinamu, pamodzi ndi kamuvi kosonyeza kuti mi wa kumeneko ali pa chikope. Ngati okonza bokosili adzalisindikizenso, pempho langa ndi lakuti mzere uliwonse adzaukonze monga anakonzera wa Chikoreya, liwu la eni dziko patsogolo ndipo katchulidwe kochokera ku China pambuyo pake, ndiponso kuti makadi a Chivietinamu adzayambe adutsa m'manja mwa munthu amene amalankhula chinenerocho asanapite kosindikiza.